Denga Limene Kamdambo Anatentha

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, dzina lake Kamdambo. Ayi, musati "tili tonse," si nthano iyi. Munthu ameneyu anadya, anamwa, anakhosomola pompano, ndipo manda ake mumawadutsa mukamapita kudimba. Senderani kuno, uvuni wa njerwawu ukuponyera utsi kumeneko. Nawenso Ledisoni, sendera. Ndakuona wakhalira kumbuyo ngati mlendo, ndipo ndamva zimene wanena masana, zoti chipatala cha ana chija njerwa yako sichidzaiona, bola angochigwetsa. Sindikukudzudzula, mwana wa mlongo wanga. Mwezi sunathe chiikire mwana wako m'manda, ndipo anatsirizikira m'chipatala momwemo. Ingokhala pansi umve za munthu amene ananena mawu ngati akowo, iye n'kuwachitadi.

Kamdambo anali wa kwa Mbewe. Mlongo wake anali Nambewe, ndipo Nambewe ndiye tsinde limene tonsefe tinaphukapo. Ndiye kuti Kamdambo anali mwinimbumba, malume wa mtundu wonsewu. Ntchito yake inali yomanga nyumba. Osati zanu zamasiku anozi zoti mpaka muyeze ndi chingwe. Iye ankangoyang'ana mtengo n'kudziwa kuti uwu ndi mzati, uwu ndi nsichi, uwu ndi nkhuni basi. Akafolera denga, mvula inkachita manyazi. Koma mutu! Ana inu, mutu wa munthu uja unali wouma ngati muwanga. Akati tidzera uku, ndiye kuti mudzera komweko, ngakhale mumuonetse phompho. Ena mwa inu mutuwo munatengera, ndimakuonani, koma luso la manja lokha munalisiya.

Mkazi wake, Namwale, anamutenga chitengwa kuchokera kuseri kwa phiri. Namwale anabereka, anaika m'manda. Anaberekanso, anaikanso m'manda. Pomaliza panabadwa kamtsikana, ndipo make, atatopa ndi kulira, anakatcha Siyireni. Kameneka kanakhala. Kanamera mano, kanayenda, kanayamba kulongolola, mpaka kanafika msinkhu woti n'kukatuma kukapala moto. Kamdambo, munthu amene akuluakulu anzake sankawaonetsa dzino, pa mwana ameneyu ankafewa ngati dothi lonyowa. Akatsokomola kamodzi, tate wake ankasiya nkhwangwa. Moyo wake wonse unali pa kamwana kameneka.

Chaka china kunabwera munthu wochokera ku mishoni, dzina lake Elifala, atasenza bokosi la mankhwala. Sanali dokotala weniweni, anali wotsuka zilonda ndi kumwetsa mankhwala, koma anthu kuno anamutcha adotolo, dzinalo n'kumukhala. Anakhazikika pamtunda paja, patsidya pa mtsinje wa Chankhanga, pansi pa mkuyu, m'kanyumba koti mukagona miyendo inkatulukira pakhomo. Mbiri inawanda. Amayi anayamba kubwera ndi ana kumbuyo, ena ulendo wogonera panjira, ndipo akafika ankagona pamtetete.

Tsiku lina Elifala anatsikira kumudzi kuno, anthu atasonkhana.

"Akuluakulu tikhoza kugona panja," anatero, "koma mwana wodwala ayi. Ndimangireni nyumba ya ana, yoti ndiziwagoneka pamodzi, ndiziwaona m'mawa, masana ndi madzulo."

Ndani akanaimanga? Nanga n'kufunsa? Kamdambo. Inde, mutu umodzi susenza denga. Amuna anapita kukadula mitengo, amayi anamweta udzu mpaka m'madambo munayera mbee. Amene ankafuna kufolera nyumba zawo chaka chimenecho anati basi, tidzafolera chaka chamawa, udzu wonse upite kumtunda. Mawu amenewo muwasunge, tiwapeza kutsogoloku. Koma dzanja limene linamanga nyumba ija linali la Kamdambo. Inali yaitali, yoti m'mudzi muno sinaonekepo, nsichi zake zosankha, denga lake lochindikala moti mukapisa mkono sumafika kumapaso.

Siyireni sankachoka pamenepo. Ankanyika luzi m'phale la madzi, n'kumalikoleka kunsungwi kuti tate wake alilandire ali padenga.

"Atate, nyumba yaikulu chonchi mwini wake ndani?"

"Eni ake ndinu ana."

"Ndi ine ndemwe?"

"Ndi iwe wemwe. Koma usadzagonemo, wamva? Muno ndi mogona odwala."

"Ndizingobwera kudzaiona."

Kuyambira pamenepo mwana uja sankati nyumba ya adotolo, sankati nyumba ya kumtunda. Ankati nyumba yathu ija. Ndipo nyumba ija inagwira ntchito, ana inu. Ana a zilonda anachira, ana a njoka zam'mimba ananenepa. Kamdambo akamadutsa ankaiyang'ana cham'mbali, ngati sakuiona, koma mtima uli m'mwamba.

Mvula yoyamba itagwa, anthu atabzala, mwana wa Nambewe, dzina lake Kadzuwa, anadwala malungo aja okomola. Kadzuwa ndi Siyireni anali pachisuweni, ndipo chinzake chawo chinali cha ponda apa nane mpondepo. Anamuthamangitsira kumtunda. Elifala anayesa zonse za m'bokosi lake, koma mwana anapita. Ameneyo ndiye anali woyamba kufera m'nyumba ija.

Tsono imvani mwambo wa nthawi imeneyo. Munthu wamkulu akamwalira, tsiku lometa likafika, nyumba yake ankaigwetsa. Ankasasula denga, kuzula nsichi, udzu n'kutentha, kuti mzimu usamabwerere kudzafuna malo ake. Mwana akamwalira sankagwetsa kanthu, chifukwa mwana alibe nyumba, nyumba ndi ya make. Mwamva pamenepo? Mwana alibe nyumba. Koma apa panali chinthu chimene makolo anali asanachionepo, nyumba imene mudzi wonse unaitchula ndi pakamwa pake kuti ndi ya ana.

Amayi anayamba kuima pakhomo la nyumba ija, kuzengereza kulowa. Ena ankayala mphasa pakhonde. Kamdambo anaziona zimenezo, koma chimene chinamuumitsa thupi n'china. M'mawa wina anapeza Siyireni ataima panjira, akuyang'ana kumtunda.

"Ukuyang'ana chiyani, mwana wanga?"

"Kadzuwa ali kunyumba yathu ija. Ndikufuna ndikamuone."

Eee! Munthu amene anaika ana m'manda motsatizana, kumva mawu otere pakamwa pa mmodzi wotsala! Mumtima mwake anati, mwana sasewera yekha. Akabwerera kudzafuna malo ake, adzafunanso mnzake wosewera naye. Ndipo mnzakeyo ndani? Musamuone ngati chitsiru Kamdambo. Musamuone ngati munthu wankhanza. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali a chikondi.

M'mawa wa tsiku lometa, akunola nkhwangwa, Namwale anakhala pansi pambali pake.

"Bambo a Siyireni, ngati mwatsimikiza, gwetsani. Koma udzu wokhawo musatenthe. Muuunjike penapake."

"Udzu umene unalandira mpweya wake womaliza? Ndiusungire ndani?"

Namwale anadzuka n'kumusiya. Ankamudziwa mwamuna wake.

Atatha kumeta, Kamdambo anatsogolera amuna kukwera mtunda. Elifala anawachingamira pakhomo, manja akununkha mankhwala.

"A Mbewe, nkhwangwazi n'zachiyani?"

"Mwini nyumba wafa. Tikugwetsa."

"Mwini wake uti? M'katimu muli ana ena."

"Atulutseni. Ndimanga ina yoposa iyi."

"Mufolera ndi chiyani? Tayang'anani kudamboko, udzu ndi uwo ukungomera kumene. Dikirani chilimwe, a Mbewe. Udzu ukauma mumange inayo, kenako mugwetse iyi. Ine ndemwe ndidzakugwirirani makwerero."

"Adotolo, inu mumadziwa za m'botolo. Za mizimu ya kwathu tisiyireni eni akefe."

Pamenepo Nambewe, mwini malirowo, mutu uli mbee ndi lumo, anafika n'kugwada pamaso pa mlongo wake.

"Achimwene, mwana anali wanga. Isiyeni nyumbayi. Kadzuwa sanali mwana wankhanza, sangabwerere kudzatenga anzake."

"Chisoni chakuzunguza mutu, mlongo wanga. Pita ukakhale pansi."

Kamdambo anakwera yekha padenga. Ndipo mukudziwa? Denga lija linakana. Analimanga bwino kwambiri, moti mfundo iliyonse anachita kuidula ndi mpeni, luzi lomwe lija limene mwana wake ankamupatsira pansungwi. Udzu wa m'kati unali wouma gwa, woyera ngati aufolera dzulo, pamene mvula inali itaugwera kale kangapo. Anauunjika pabwalo, mulu wotalika kuposa munthu, n'kuyatsa. Utsi wake unaoneka mpaka kuseri kwa phiri. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa munthu uja anatsika mtunda tsiku limenelo atapepukidwa, akuti wapulumutsa mwana wake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chimanga chitafika m'chiuno, kunabwera chikuku. Inu a katemeranu chikuku simuchidziwa. Chinkalowa m'mudzi ngati moto wolusa, nyumba iyi, nyumba iyo, ana maso ali psuu, thupi lonse totupa, chifuwa chikulira. Ndipo chinabwera pamodzi ndi mvumbi, mvula ija yosadziwa kukata, yongoti waa lero, waa mawa, dzuwa osaoneka.

Anthu a kutali sanamve kuti nyumba inagwetsedwa. Iwo anamva mbiri yoyamba ija, yoti pamtunda pa Chankhanga pali nyumba ya ana. Anabereka ana awo, kuwafunditsa masamba a nthochi, kuyenda m'matope, kuoloka mitsinje. Akafika ankafunsa kuti, "Nyumba ya ana ija ili kuti?" Anthu ankangowalozera phulusa lakuda limene mvula inali kukokolola. Elifala anadzaza ana m'kanyumba kake mpaka popondapo panasowa, iye n'kumagona chokhala pansi pa mkuyu. Otsalawo anagona pansi pa mtengo, amake atawafungatira.

Kamdambo anaona. Sanadikire kuti wina amuuze. Anadula mitengo mvula ikumukhuthukira, n'kuimika chisakasa pomwe panali nyumba paja. Koma afolera ndi chiyani? Anamweta udzu wauwisi. Udzu wauwisi, ana inu, sufolera. Umafota, umaola, umanunkha, madzi n'kumangodutsa ngati m'dengu. Anasanjika masamba a nthochi, mphepo inawang'amba. Anayenda khomo ndi khomo kupempha udzu wakale, munthu amene chibadwire sanapemphepo kanthu. Koma mwakumbukira mawu ndinati muwasunge aja? Udzu wonse wa chaka chimenecho unapita kumtunda. Madenga a m'mudzi anali opyapyala, eni ake akutchera miphika m'nyumba. Anasasula nkhokwe yake. Anasasula mbali imodzi ya nyumba yake. Zonsezo zinangophimba kangodya ka chisakasa.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Siyireni anayamba kutentha thupi.

Elifala anaoloka Chankhanga madzi ali m'chifuwa kudzamuona. Anaika khutu pamsana pa mwana, n'kumvetsera kapumidwe kake.

"Chalowa m'chifuwa, chasanduka chibayo. Afunika ndizimuona pafupipafupi, koma uko ndasiya ana ambiri, ndipo mtsinjewu ukukwera. Bwerani naye kumtunda."

Kamdambo anayang'ana denga la nyumba yake, mbali imodzi ili ng'amba, ntchito ya manja ake omwe. Ananyamula mwana paphewa, Namwale ali m'mbuyo ndi mphasa, n'kuoloka. Chiyambire tsiku la moto lija mwana sanaloledwe kukwera mtunda, ndipo panalibe amene anamuuza kanthu. Ali pakati pa chitunda, mwana ananong'ona kukhutu kwa tate wake.

"Atate, tikupita kunyumba yathu ija?"

"Inde, mwana wanga."

Anamugoneka m'chisakasa, pakati pa ana ena. Pansi panali chinyontho, m'mwamba mukudontha. Mwana anatsegula maso ake omatana aja, anayang'ana uku, anayang'ana uku.

"Atate, si ino. Nyumba yathu ija ili kuti?"

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani? Ndikufunsa inu nonse, mukanayankha chiyani? Kamdambo, munthu wosanama, ananama. Anati, "Ndikuikonza, mwana wanga. Ukachira uipeza."

Mvumbi sunaleke. Akasunthira mphasa uku, dontho likumutsata. Akasunthira uko, dontho lili pomwepo. Pomaliza anagwada pamwamba pa mwana, atagwira lichero, msana wake n'kusanduka denga. Mmisiri uja amene mvula inkamuchitira manyazi, lero akutchinga mwana wake ndi lichero! Anakhala choncho tsiku lathunthu, n'kuchezera, n'kukhalanso choncho, madzi akutsika m'khosi. Elifala ankabwera, kumumwetsa mankhwala, kupita kwa ena, kubweranso.

Masana ena mwana anati, "Amayi, muno muli mdima. Ndikufuna ndione kunja."

Namwale anaboola udzu wa m'mbali ndi dzanja, pafupi ndi nkhope ya mwana, kabowo koti n'kulowa chibakera. Siyireni anatembenuza mutu n'kumayang'ana. Kunja kunalibe chachilendo, mvula basi, ndi mbuzi zitaunjikana pansi pa mkuyu. Anaziyang'ana mbuzi zija, anaziyang'ana, kupuma kukunka kutalikirana. Dzuwa likanakhalapo tikanati linali litapendeka. Namwale ndiye anayamba kuzindikira. Anagwira mwamuna wake pamkono n'kunena kuti, "Tsitsani lichero, bambo a Siyireni. Sakunyowanso."

Kumanda Kamdambo sanalire. Anthu anadabwa, ena mpaka ananong'onezana. Pobwera kumanda anapita kwa Elifala.

"Adotolo, ndiuzeni zoona. Likanakhalapo denga lija, mwana wanga akanakhala moyo?"

Elifala anali atatopa, maso atalowa m'kati. Sanafune kumubaya, komanso sanafune kumunamiza.

"Sindikudziwa, a Mbewe. Chikuku chimatenga ana ngakhale m'nyumba zosadontha. Mwina akanapita ndithu. Koma ena mwa ana amene tawaika masiku anowa, kuzizira ndi kumene kunawatsiriza. Ndinganame nditati ayi."

Kamdambo anangogwedeza mutu. Yankho lotere ndi loipa kuposa kutukwanidwa, chifukwa silitha. Analisenza mpaka imfa yake.

Tsiku lometa linafika. Amuna a m'mudzi, omwe aja anamuthandiza kugwetsa nyumba yoyamba, anatenganso nkhwangwa kukwera mtunda. Nanga si lamulo linali litaikidwa? Atafika anapeza Kamdambo atakhala pakhomo la chisakasa, mutu wometa, miyendo atatambasula.

Mkulu wina anati, "Kamdambo, dzuka. Mwini nyumba wafa. Mawu amenewa unanena ndiwe."

"Ndinanena ndine, ndipo ndinalakwa. Nyumba ya ana mwini wake safa. Mwini wake ndi uyo mukumumva akukhosomola m'katimu. Mwini wake ali kumbuyo kwa make, panjira, akubwera. Mwini wake ali m'mimba mwa mlongo wangayu, sanabadwe. Mukafuna kugwetsa, yambani kudula ine."

"Nanga mizimu ya ana afera munowa?"

"Ibwere. Ikabwera ipeze denga. Mwana wanga ndinamugoneka pamvula ali moyo. Ndimugonekenso pamvula atafa?"

Mmodzi anatsitsa nkhwangwa, wina anatsitsa, n'kutsika mtunda mwakachetechete. Mutu wouma uja, umene unagwetsa nyumba, tsiku limenelo ndi umene unateteza chisakasa. Mutu wake unali womwewo, ana inu, unangotembenuka.

Koma mantha satha ndi mawu. Amayi ankaopabe, makamaka pangodya pamene Siyireni anafera. Kamdambo anayala mphasa yake pomwepo n'kumagonapo, kuti anthu aone kuti kukucha ali moyo. Anthu anati, ameneyo ndi wamkulu, mizimu ya ana ilibe naye ntchito. Amene anathetsa nkhaniyi ndi Nambewe. Anabereka mwana wamkazi, n'kumutcha Tsalani. Khanda lija litadwala kutsegula m'mimba, Nambewe analibereka kukwera mtunda, anthu akuona, n'kukaligoneka pangodya pomwe paja. Anati, "Achimwene, sunthani mphasa yanu, mwini malo wabwera." Tsalani anachira. Tsalani ameneyo ndiye agogo anga, amene anabereka amayi anga, ndipo nkhaniyi ndinaimva pakamwa pawo. Akanapanda kuchira, pamoto pano pakanakhala mbuzi zokhazokha.

Chilimwe chitafika, udzu utauma, anthu anati tsopano Kamdambo amanga nyumba ina ya nsichi. Iye anasowa m'mudzi. Anapita wapansi ku mishoni, kumene ankamanga ndi njerwa zootcha, n'kukagwira ntchito yoponda matope, munthu wamkulu, mmisiri wodziwika, akutumidwa ngati wophunzira. Pobwera anabwera ndi chikombole choumbira njerwa paphewa. Anthu anamufunsa kuti mavuto onsewa n'chifukwa chiyani, mitengo ili mbwee m'thengomu.

Iye anati, "Ndikufuna khoma loti ngakhale ine ndemwe, mutu ukadzandizunguliranso, ndidzalephere kuligwetsa."

Anakumba dothi kumunsi kwa mtunda, pa dzenje lomweli takumba ifeli. Anaumba, anayanika, anasanja uvuni, anatentha. Woyamba sunapse bwino, njerwa zinkafumbutuka m'manja. Anaumbanso. Madzi ankatunga ndani? Namwale. Chifereni mwana, mayi uja sananenepo kuti ndinakuuzani. Sananenepo ngakhale kamodzi. Alongo ake anabwera kudzamutenga kuti abwerere kwawo, iye anakana. Ankangotsika kumtsinje ndi mtsuko, kukwera, kutsika, kukwera.

Khoma analimanga mozungulira chisakasa chija, osachikhudza, kuti ana asagone panja ngakhale tsiku limodzi. Litafika m'mawondo, kumbali ya mkuyu, Namwale anatula mtsuko n'kuloza.

"Apa musiyepo zenera."

"Zenera m'mawondo? Mayi a Siyireni, zenera limakhala m'chifuwa mwa munthu."

"Mwana wodwala amakhala chogona. Aziona kunja."

Kamdambo anali ndi njerwa m'manja. Anaiika pansi bwinobwino, ngati dzira. Kenako anakhala m'matope momwemo n'kulira. Kulira kumene sanalire kumanda kuja kunatuluka tsiku limenelo, kulira kwa mwamuna wamkulu, moti anthu kumudzi anathamanga poyesa kwagwanso maliro. Namwale anakhala pambali pake, ndipo analira onse awiri mpaka matope omangira anauma.

Zenera limenelo mumalidziwa. Ndi lija la kuchipinda chakale, limene mumaliseka kuti mmisiri wake anali ataledzera. Iwe Ledisoni unaliona, ndikudziwa, chifukwa unakhala masiku m'chipatala muja. Sanaledzere. Analiika dala.

Nyumba ya njerwa itatha, ataifolera, m'pamene anatulutsa chisakasa chija, mtengo umodziumodzi, kudzera pakhomo. Koma musaganize kuti imfa inaleka. Ana ankachira ambiri, ena ankafa ndithu, monga zilili mpaka lero. Ndipo mwana akafera m'nyumba ija, kaya ndi wa m'mudzi muno, kaya ndi wa kutali wosamudziwa n'komwe, Kamdambo ankaperekeza maliro, pobwera n'kusamba m'manja, n'kulunjika kudzenje. Ankaumba mpaka dzuwa kulowa. Njerwa zikachuluka ankatentha, n'kulumikiza chipinda china kukhoma lakale. Ena anati wapenga. Iye ankangoumba.

Kenako tsiku lina bambo wina amene anali atangoika mwana wake anamutsatira kudzenje. Sanapereke moni, sanafunse kanthu. Anangovula malaya n'kuyamba kuponda dothi. Pambuyo pake anabwera wina, kenako wina. Munthu woferedwa manja ake amayabwa, ana inu. Amafuna chinthu choti agwire. Ukapanda kuwapatsa chikombole, amatola nkhwangwa.

Nyumba inakula chotero, chipinda kulumikiza chipinda, mpaka mkuyu uja unatsala pakati pa bwalo. Elifala anakalamba n'kupita kwawo, kunabwera ena. Patapita zaka kunabwera malata, kunabwera simenti, kunabwera mabedi achitsulo ndi anamwino a zovala zoyera. Onsewo anamanga molumikiza kukhoma la Kamdambo. Ndipo chipinda chachikulu chimene akuwonjezera chaka chinochi, chimene tikuotchera njerwazi, nachonso chikagwira khoma lomwelo.

Iye mwini sanaberekenso mwana wina. Anamwalira ali nkhalamba, zala zitang'ambikang'ambika ndi dothi, ndipo Namwale anamutsatira mvula isanagwe. Pa nonse mwakhala panonu palibe wotuluka m'chiuno mwake. Mbewu yake inathera pa Siyireni. Chimene anasiya ndi ife, mbumba ya mlongo wake, ndi khoma lija. Tsiku lometa maliro ake anthu anafunsana ngati agwetse nyumba yake monga mwa mwambo. Nambewe, ali wokalamba, anati, "Sasulani udzu wokhawo, mukafolere khonde la ana kumtunda." Anatero, ndipo anthu anachita zomwezo.

N'chifukwa chake ife a mbumba imeneyi, mwana akatisiya, sitigwetsa, timaumba. N'chifukwa chake mfuu ikamveka kuti kuchipatala cha ana akufuna njerwa, a kwa Mbewe sitidikira kuitanidwa kawiri. Si kuti ndife olungama kuposa ena, ayi. Ndife adzukulu a munthu amene anatentha denga ndi dzanja lake, n'kuona mwana wake akunyowa. Tinalipira kale phunziro limeneli, ndipo tinalipira ndi mwana.

Ledisoni, mwana wa mlongo wanga, sindikukuuza kuti chisoni chako chichepa ukaumba njerwa. Cha Kamdambo sichinachepe. Agogo anga ankati mpaka ukalamba wake, mvumbi ukayamba, munthu uja sankadya. Ukwiye, ulire, utukwane ngati ukufuna, ife tili pano. Koma mkwiyo umene uli nawowo ndi womwe uja anakwera nawo padenga Kamdambo. Ukuti achigwetse chifukwa mwana wako anafera momwemo. Nanga uja ali kumbuyo kwa make, panjira, akubwera, akafika timulozere chiyani?

Chikuni icho chili pafupi ndi mwendo wako. Ukafuna, chiponye mu uvunimu. Ukaona kuti lero sungathe, chisiye, palibe akuseke, uvuni wina tidzaumba.

Eya, wachitola. Ponya kukamwa kwa uvuni kwa kumanzereko, ndi kumene moto wafooka. Kankhira m'kati ndithu. Njerwa yosapsa imasungunuka ndi mvula, ndipo pali mwana wina, dzina lake sitikulidziwa, amene adzagone kuseri kwa imeneyo.